Botolo la pansi pa mtsuko silikweza munthu pa ntchito

Dzulo masana ku famase komwe ndimagwira ntchito kunabwera mayi wina, mwana ali kumsana, buku la kuchipatala lili m'manja. Mwanayo anamulembera amoxicillin wa ana uja amene amabwera ali ufa m'botolo, ife n'kuthiramo madzi mpaka pamzere. Nditakhutchumula botololo ndinanena zomwe timanena tsiku ndi tsiku: "Mayi, musunge pozizira. Ngati muli ndi firiji muike mmenemo, ndipo pakatha sabata otsalawo mutaye." Anandiyang'ana n'kuseka pang'ono. "Firiji, achimwene? Kwathu ndi magetsi omwe kulibe. Ndikaika pansi pa mtsuko wa madzi akumwa, nanga sipozizira pamenepo?"

Ndinawauza kuti aike pomwepo. Atatuluka ndinakhala ndikudzifunsa kuti yankho limenelo ndalitenga kuti. Ndinangoganiza basi, ngati mmene akanaganizira agogo anga. Makatoni ambiri a mankhwala amalembedwa kuti asungidwe posapitirira madigiri 25 kapena 30. Amene anakhalako ku Nsanje kapena ku Chikwawa mwezi wa Okutobala akudziwa kuti kumeneko kumadutsa 40, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i masana simukhalika. Ndiye mankhwala amene agona miyezi mu kagolosale ka malata, kenako n'kukakhala sabata pansi pa mtsuko, mphamvu yake imatsala yochuluka bwanji? Funso limeneli ndi lathu lenileni, ndipo oyenera kuliyankha tili nawo. Koma yesani kupeza ndalama zoti munthu alifufuze, muona.

Poyamba ndinene kuti pamene tachokera ndi patali. College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, koma maphunziro a digiri ya ufamasisiti anayamba mu 2006. Zisanatero, wofuna digiri imeneyi ankayenera kutuluka kunja. Lero maphunzirowa ali pansi pa yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, yomwe inaima payokha mu 2021 pamene College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana. Tili ndi ana athu amene amadziwa kuyeza piritsi n'kukuuzani ngati muli mankhwala okwanira kapena ndi choko chabe. Nzeru zilipo. Chimene chikundivuta ine ndi chakuti kodi nzeruzo zikugwirira ntchito mafunso a ndani.

Ndili ndi mnzanga amene amaphunzitsa za mankhwala pa yunivesite ina m'chigawo chino cha Africa. Dzina ndi malo tisiye. Tsiku lina ndinamupeza mu ofesi usiku, tiyi atazizira pa tebulo, akulimbana ndi pulopozo yopempha ndalama za kafukufuku. Ndinamufunsa kuti akufufuza chiyani. Anandionetsa kalata ya opereka ndalamawo: mitu inali itasankhidwa kale, iye ntchito yake inali yopinda maganizo ake kuti alowe mu umodzi mwa mituyo. Zomwe iye amazilakalaka, zoyeza mankhwala ogulitsidwa m'misika ndi m'mabasi, zinali mu foda ina pa kompyuta, zaka zikungopita. Kenako ananditengera ku labu. Pakona panali makina a HPLC, amene amayeza kuchuluka kwa mankhwala mu piritsi, atafunditsidwa nsalu ngati wailesi ya m'nyumba ya aphunzitsi akale. Anabwera ndi pulojekiti ina. Pulojekiti itatha, ndalama zogulira madzi ake oyezera ndi zoitanira wokonza zinathera pomwepo. Makina a ndalama zankhaninkhani akungosonkhanitsa fumbi chifukwa cha kachitsulo kamodzi koyenera kuitanitsa kunja ndi madola.

Musandimve molakwa, sindikunyoza othandiza. Pali zinthu zazikulu zimene zatheka chifukwa cha iwo. Bungwe la kafukufuku wa zaumoyo la Malawi-Liverpool-Wellcome pafupi ndi chipatala cha Gulupu laphunzitsa asayansi athu ambiri. Ndipo taonani nkhani ya chloroquine. Mu 1993 dziko lathu linali loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba Fansidar, chifukwa tizilombo ta malungo tinali titamuzolowera. Patapita zaka, ofufuza athu pamodzi ndi anzawo a ku America anayesanso chloroquine pa ana ku Ndirande, ndipo mu 2006 anasindikiza zoti wayambanso kugwira ntchito pafupifupi pa ana onse amene anapatsidwa. Dziko lonse lapansi linaphunzirapo kanthu kuchokera ku Ndirande. Zoterezi n'zonyaditsa.

Koma mlendo ndi mame. Tinaona tokha mu Januwale 2025 pamene boma la America linaimitsa thandizo lodzera ku USAID: anthu anagona ali pa ntchito, kudzuka ali pakhomo. Ndipo ngakhale mlendoyo akhale wokoma mtima chotani, amabwera ndi mafunso ake. Ali ndi ufulu, ndalama ndi zake. Bungwe la NIH la ku America, mwachitsanzo, likapereka ndalama za kafukufuku ku sukulu ya kunja kwa dziko lawo, gawo loyendetsera sukuluyo limakhala 8 pa 100 iliyonse basi. Magetsi, jenereta, madzi, alonda, okonza makina, zonse zitulukemo mmenemo. Onjezanipo kugwa kwa kwacha ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023, pamene chilichonse cha mu labu chimagulidwa ndi ndalama zakunja. Mudabwa bwanji makina akafunda nsalu?

Tsono kumene kumandiwawa kwambiri ndi ku nkhani ya ulemu. M'mayunivesite ambiri, kuti lekichala akwere mpaka kufika pa upulofesa, amawerenga mapepala amene wasindikiza m'magazini a sayansi, makamaka otchuka a kunja, ndi kuchuluka kwa ndalama zimene wakokera kusukuluko. Zina zonse zimabwera pambuyo. Munthu akhoza kutha chaka akuyenda m'zipatala za m'midzi kuona mmene mankhwala akusungidwira, n'kulemba lipoti limene lingasinthe mmene timamangira mosungira mankhwala, koma pa tsiku lokweza anthu lipotilo silemera ngati pepala limodzi lotuluka ku London. Magazini ena otchukawo, kuti nkhani yako iwerengedwe ndi aliyense mwaulere, amalipiritsa madola masauzande. Ena amakhululukira ofufuza a m'mayiko osauka, inde, koma uyambe wapempha. Pamene Malawi Medical Journal ili pompano, ndipo namwino wa ku Mwanza akhoza kuiwerenga pa foni osalipira kanthu, alipo anzathu amene amaiona ngati kotayira zimene zakanidwa kwina. Maganizo amenewo ndi matenda, ndipo mankhwala ake sitigulitsa ku famase.

Palinso kandale ka mayina. Amene sali m'zimenezi mwina sadziwa: pa pepala la sayansi, dzina loyamba ndi lomaliza ndiwo amadya ulemu. Loyamba ndi la amene wagwira ntchito yaikulu, lomaliza ndi la mwini kafukufuku. Apakatiwo ndi operekeza ukwati. Kawerengeni mapepala a kafukufuku wochitikira m'midzi mwathu muone kuti mayina akwathu amakonda kukhala pati. Amene anakwera njinga kukatenga zoyeza, amene anakhala pansi ndi a mfumu kupempha chilolezo, amene anamasulira mafunso m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitumbuka, nthawi zina amangothokozedwa kumapeto m'zilembo zing'onozing'ono. Zikusintha pang'onopang'ono, ndikuvomera, koma liwiro lake ndi la nkhono.

Nthawi zonse ndikamapereka LA pa kauntala ndimakumbukira mayi wina wa ku China dzina lake Tu Youyou. Ambiri timamwa LA, amene tinayamba kugwiritsa ntchito mu 2007, osadziwa kuti "A" ameneyo, artemether, amachokera ku artemisinin, ndipo artemisinin anapezeka m'chitsamba. Mayi ameneyu anamaliza maphunziro a zamankhwala ku Beijing mu 1955. Mu 1967 boma la China linayambitsa ntchito yachinsinsi yofuna mankhwala a malungo, yotchedwa Project 523, chifukwa malungo ankapha asilikali pa nkhondo ya ku Vietnam. Iye anapatsidwa gulu loti alitsogolere mu 1969. Anafufuza m'mabuku akale a asing'anga a kwawo, nasonkhanitsa njira zochizira zoposa 2,000. Chitsamba cha Artemisia annua chinkaoneka kuti chili ndi kanthu koma zotsatira zake zinkasinthasintha, mpaka anawerenga m'buku la zaka zoposa 1,600 zapitazo kuti akale ankachiviika m'madzi n'kufinya, osawiritsa. Apo m'pamene anazindikira kuti moto ndi umene unkapha mphamvu ya mankhwalawo. Anasintha njira, ndipo mu 1971 zinatheka. Asanapatse odwala, anayamba wamwa yekha ndi anzake.

Nanga ulemu? Zotsatira zoyamba zinasindikizidwa popanda dzina lake. Analibe digiri yapamwamba ya PhD, sanaphunzire kunja, ndipo sanali membala wa mabungwe akuluakulu a asayansi a dziko lake. Mphoto ya Lasker, yaikulu pa za mankhwala ku America, inamupeza mu 2011, ya Nobel mu 2015 ali ndi zaka 84. Zaka zoposa 40 akudikira, pamene mankhwala ake anali atapulumutsa kale anthu mamiliyoni, ena mwa iwo ana athu omwe. Mayi ameneyu akanakhala pa yunivesite ya masiku ano, yowerenga mapepala ndi madola, sindikhulupirira kuti akanadutsa pa ulekichala wamba.

Koma mbali ina ya nkhani yake ndi imene ndikufuna tiione. Ndalama zimene anagwiritsa ntchito zinali za boma lake, pa funso limene boma lakelo linaliona kuti n'lofunika, ndipo China ya nthawi imeneyo sinali yolemera. Ife bwanji? Nimu, chamwamba, muwawani, anthu akumwa tsiku lililonse, ena akuphatikiza ndi ma ARV kapena mankhwala a shuga osauza dokotala. Gondolosi ndiye sitinena, abambo akumudziwa bwino kuposa ine. M'mabasi mumakwera anthu ndi mabotolo akuti amachiza matenda khumi ndi awiri nthawi imodzi. Mwa zonsezi muli zothandiza, muli zopanda pake, muli zowononga chiwindi ndi impso. Wotisiyanitsira ndani ngati si sukulu ya zamankhwala? Ndipo wopereka ndalama wa ku Geneva kapena ku Seattle adzalipira bwanji kafukufuku wa muwawani pamene sanaumvepo n'komwe?

Zoyeza mankhwala a m'masitolo nazo si nkhani yamasewera. Mu 2017 bungwe la WHO linanena kuti m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, pafupifupi mankhwala amodzi mwa khumi aliwonse ndi achinyengo kapena osafika pa muyezo. Mu 2022 ku Gambia ana pafupifupi 70 anamwalira impso zitaleka kugwira ntchito, ndipo WHO inachenjeza za mankhwala a chifuwa amadzi amene anapezeka ndi poizoni. Kuno tili ndi bungwe la boma la PMRA loyang'anira zimenezi, koma bungwe limodzi silingafike pa shelefu iliyonse kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Ophunzira a chaka chomaliza, amene amafunika kuchita kafukufuku kuti amalize digiri, akanatha kukhala maso a dziko pa nkhaniyi chaka ndi chaka, bola pakhale ndalama yogulira zoyezera ndi yokwerera basi.

Mayiko a mu African Union analonjezana mu 2006 kuti aziika 1 pa 100 iliyonse ya chuma chawo pa sayansi ndi kafukufuku. Lonjezolo ambiri sanalifikire. Kwathu kuno National Commission for Science and Technology ilipo ku Lilongwe, ndipo njira yoperekera ndalama kwa ofufuza ilipo kale. Chofunika ndi choti mumphikamo mukhale kanthu kooneka. Ndikaona ndalama zimene zimathera m'mawekishopu a kunyanja, maalawansi ndi mabotolo a madzi pa tebulo, sindivomera zoti ndife osauka moti sitingathe kudzutsa makina amodzi a HPLC. Nawonso eni mafamase ndi makampani oitanitsa mankhwala, amene tikudya za malonda amenewa, tingalephere kusonkha kathumba koti ophunzira awiri kapena atatu pa chaka afufuze mafunso a pa kauntala pathu? Ndikudziloza ndekha chala pamenepa, musati ndikungonena ena.

Ndipo a m'makomiti okweza anthu pa ntchito, chonde, lipoti limene lachotsetsa mankhwala oipa pa msika liwerengedwe. Malangizo amene a Unduna wa Zaumoyo awatenga n'kuwagwiritsa ntchito awerengedwe. Lekichala amene watulutsa mafamasisiti abwino zaka khumi, osapita ku msonkhano wa kunja ngakhale umodzi, naye aonedwe ngati munthu. Wachinyamata wanzeru amayang'ana kumene kuli ulemu n'kulowera komweko; mukaika ulemu wonse ku London musadandaule akamafufuza za ku London.

Ine m'mawa uno ndatenga kachipangizo koyezera kutentha kamene timapachika pa khoma ku famase, kena kapadera, ndakaika pansi pa mtsuko kunyumba kwa mayi anga. Ndiziwerenga m'mawa, masana ndi madzulo mpaka mvula itagwa, n'kumalemba m'kope. Kuyeza mphamvu ya mankhwalawo sindingathe, ndilibe labu. Ngati pali wophunzira wa ufamasisiti amene akusowa mutu wa kafukufuku wake, andipeze ku inbox. Kope ndimupatsa, ndipo mabotolo a amoxicillin ndigula ndine.