Vuto la zitseko ndi batire laling'ono lija

Mwalemba kuti eni magalimoto amagetsi okwera mtengo akudandaula kuti zitseko zimakana kutseguka. Zoonadi, koma nthawi zambiri gwero lake ndi batire laling'ono la 12V, osati lalikulu la pansi loyendetsa galimoto lija. Zogwirira zobisika m'chitseko, maloko ndi sikirini zonse zimadya pa batire laling'onolo. Likafa, ngakhale lalikulu lili lodzaza, mwatsekeredwa. Musanagule, wogulitsayo akuonetseni kachingwe kapena kachogwirira kotsegulira ndi dzanja, makamaka kumbuyo komwe kumakhala ana, chifukwa pa magalimoto ena kamabisika pansi pa thumba la chitseko.

Kuno ku Harare mayenje akuwonjezera mavuto. Galimoto yolemera kupitirira matani awiri, matayala opyapyala pa marimu a mainchesi 21, ikagwera m'dzenje nthawi ya mvula, tayala limang'ambika m'mbali ndipo rimu imapindika. Ambiri alibe ndi tayala lapadera lomwe. Sankhani marimu a 19.

Za kutchaja, soketi ya m'nyumba imapereka pafupifupi 3kW. Batire la 100kWh lifuna maola opitirira 30, magetsi a ZESA, kampani ya magetsi ya ku Zimbabwe, osathima.