Masamu amene amati alibe ntchito aja ndi omwe akulondera foni yanuyo

Funso loti "nde zimenezi zithandiza chani?" lija ine limanditopetsa abale. Anthu akangomva kuti kuli akatswiri a masamu amene amalandira salale chifukwa chongokhala mu ofesi kumaganiza za manambala amangoti kuononga ndalama kumeneko, bola adokotala ndi ma injiniya. Maganizo anga ndi oti kusiyanitsa masamu "ongoganiza" ndi masamu "a ntchito" nkudzinamiza, kusiyana kwake ndi zaka basi.

Tiyambe ndi ma prime, manambala aja osagawika ndi nambala ina kupatula 1 ndi iwo eni, monga 7, 13, 101. Mu 1940 katswiri wa masamu G. H. Hardy wa ku yunivesite ya Cambridge analemba monyadira kuti masamu a manambala amene iye ankachita palibe anawapezera ntchito pa nkhondo ndipo sankaona kuti zichitika msanga. Mu 1977 anthu atatu ku yunivesite ya MIT ku America, Rivest, Shamir ndi Adleman, anatenga ma prime omwewo nkupanga njira yobisira uthenga yotchedwa RSA. Nzeru yake ndiyosavuta kumva. Ndikakuuzani kuti taimuzani 53 ndi 61 mupeza 3233 musanamalize nkukanda mutu komwe, koma ndikakupatsani 3233 yekhayo nkuti ndiuzeni ma prime awiri amene anabereka nambala imeneyi muyamba kuyesa 3, 7, 11, 13 mpaka thukuta. Nde ganizani nambala ya madijiti oposa 600, ngakhale makompyuta onse a dziko lapansi atathandizana sangamalize ife tili moyo. Chinsinsi cha mabanki ndi zogula pa intaneti chakhala chikudalira kuvuta kwa masamu ngati amenewa, kaya ndi RSA kaya ndi anzake a ma elliptic curve, masamu a mizere ina yokhotakhota, amenenso anayamba ngati masamu ongoganiza.

Pano nkhani yafika pokoma. Mu 1994 Peter Shor anaonetsa kuti kompyuta ya quantum, mtundu watsopano wa kompyuta wodalira khalidwe la tinthu tating'onoting'ono ngati ma atomu, itakhala yaikulu mokwanira ikhoza kuswa manambala amenewa mosavuta, RSA ndi ma elliptic curve onse kugwa limodzi. Kompyuta yoteroyo sinapangidwebe koma palibe akufuna kudikira kuti madzi afike m'khosi, chifukwa munthu akhoza kuba uthenga wobisika lero nkuusunga kuti adzautsegule zaka zikubwerazi. Nde anathawira kuti? Ku masamu enanso amene anthu ankati ndi zosewera, ma lattice. Lattice ndi madontho oyalidwa mwadongosolo mobwerezabwereza, ndipo funso lake ndi loti ukaima pena pake dontho lapafupi nawe ndi liti. Papepala mwana wa pulayimale aloza ndi chala. Koma madonthowo akakhala mu ma dimension mahandiredi angapo (dimension ndi mbali yoyezera malo, pepala lili ndi ziwiri, chipinda zitatu) palibe akudziwa njira yachangu yolipezera, ngakhale pa quantum pomwe. Hermann Minkowski ankalimbana ndi ma lattice cha m'ma 1890 asakudziwa nkomwe kuti kudzakhala chinthu chotchedwa intaneti, koma mu Ogasiti 2024 bungwe la boma la America loona za miyezo lotchedwa NIST linatulutsa miyezo itatu yatsopano yobisira uthenga ndipo iwiri mwa itatuyo yaima pa ma lattice.

Apa ndimakonda kutchula Maryna Viazovska wa ku Ukraine. Funso lake linali la kasanjidwe ka mipira kuti isasiye mpata wambiri, ngati mmene amaunjikira malalanje. Katswiri wa zakuthambo Johannes Kepler anaganiza mu 1611 kuti mulu wa chizolowezi uja, umene umadzaza pafupifupi 74 peresenti ya malo, ndiwo wabwino koposa, koma umboni unadikira Thomas Hales mu 1998. Viazovska mu 2016 anayankha funso lomweli mu ma dimension 8 ndi lattice yotchedwa E8, kenako pasanathe sabata ziwiri iye ndi anzake anayi anamalizanso za ma dimension 24. Mu 2022 analandira mendulo ya Fields, imodzi mwa mphoto zapamwamba kwambiri za masamu, mzimayi wachiwiri kuilandira pambuyo pa Maryam Mirzakhani. Sindikunena kuti umboni wakewo uli mu foni yanu ayi, ndikunena kuti zinthu zimene iye amaziphunzira chifukwa chongozikonda ndi za banja limodzi ndi zimene ma injiniya akuzithamangira lero.

Wina ati koma si zonse zimadzagwira ntchito. Zoona, zambiri zidzangokhala mu ma journal kumawerengedwa ndi anthu khumi, sindikutsutsa. Vuto ndi loti palibe amadziwiratu kuti chidzaphuke ndi chiti, Hardy mwiniwake katswiri weniweni analosera molakwika za ntchito yake yomwe. Nde opereka ndalama za kafukufuku akamati lembani pa fomu phindu limene tione pakatha zaka zitatu, Minkowski akanalembapo chani? Akanamukaniza ndithu. Chonsecho app yotumizirana mauthenga ya Signal inayika kale njira ya ma lattice mu 2023, Apple nayo inatero pa app yake ya mauthenga ya iMessage mu 2024, ndipo amene amafunsa kuti zithandiza chani aja ena mwa iwo amalemba funsolo pa mafoni omwewo.