Kulipira masitazi ku UK uli ndi ulumali: England, Wales, Scotland ndi Northern Ireland sapereka mofanana

Kwathu tikamva zoti uje ali ku UK timangoti ndi dziko limodzi, mfumu imodzi, ndalama imodzi. Koma pa nkhani ya ndalama za sukulu zinthu sizili choncho. Maphunziro ali m'manja mwa maboma anayi, ndipo lililonse lili ndi ofesi yakeyake yoona za ngongole za ophunzira: Student Finance England, Student Finance Wales, SAAS ku Scotland, ndi Student Finance NI. Maofesiwa amayamba ayang'ana kumene munthu umakhala, za kumene ukukaphunzira zimabwera pambuyo. Munthu wa ku Newport ndi wa ku Bristol amalekanitsidwa ndi mtsinje wa Severn basi, ulendo wa pa sitima wosakwana ola limodzi. Awiriwa akhoza kukhala moyandikana m'kalasi imodzi ya masitazi ku Bristol, fizi yofanana, koma wa ku Newport ataloledwa kubwereka £19,255 pomwe mnzakeyo malire ake ndi £12,858. Ziwerengerozi ndi za chaka cha maphunziro cha 2025/26, ndipo ndi zomwe ndigwiritse ntchito pano.

Ndiyambe ndi zowawa, kuti ena musataye nthawi. Ndalama zonsezi ndi za anthu okhazikika: nzika, kapena amene anapatsidwa chilolezo chokhala m'dzikomo mopanda malire, komanso magulu ena ochepa monga othawa kwawo amene boma linawavomereza. Kawirikawiri amafunanso kuti ukhale utakhala mu UK zaka zitatu kosi isanayambe. Amene munabwera pa viza ya sukulu, kapena pa viza yosamalira okalamba ndi odwala ija imene yabweretsa abale athu ambiri zaka zapitazi, khomo ili ndi lotseka mpaka mutapeza mapepala okhazikika. Amene muli ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete njira yanu ndi ina, ya masikolashipu a Chevening ndi Commonwealth. Nkhani ino ndi ya ife amene tinakhalitsa kuno, ndi ana athu amene akulira ku Manchester, Nottingham, Cardiff ndi Glasgow.

Ku England ngongole ya masitazi inayamba mu 2016, ili £10,000. Sayang'ana kuti kwanu mumapeza bwanji, bola usanakwanitse zaka 60 ndipo ulibe kale digiri ya masitazi. Ndalamayo imalowa mu akaunti yako katatu pa chaka, ndipo zili ndi iwe kuti ugawe bwanji. Zimamveka ngati ufulu, mpaka utaona kalata ya fizi. Makosi ambiri amadutsa £10,000, ena a zamalonda ndi a ku London amapita kutali kwambiri. Ukachotsa fizi umatsala ndi ya lendi ya miyezi iwiri kapena itatu, nthawi zina sutsala ndi kanthu. Dongosolo lonseli linakonzedwa poganiza kuti wophunzira azigwira ganyu, usiku ku weyahausi, Loweruka m'shopu. Wathanzi amapirira. Nanga amene ali ndi matenda a sickle cell, kapena khunyu, kapena amene akangoima maola anayi mawa lake sadzuka? Apa ndi pamene England imagwera m'maso mwanga. Thupi limene likuvutika kale kufika m'kalasi akulipemphanso kuti likasake ndalama ya lendi.

Wales ndiye amatambasula dzanja. Kachitidwe kake n'kofanana ndi ka England, ndalama kulowa m'thumba mwa wophunzira, koma £19,255 ija imatha kulipira fizi ya £11,000 n'kutsalako yoti munthu adye miyezi ingapo. Kale zinali bwino koposa apa: kuyambira 2019 gawo lina linali mphatso yosabweza, £1,000 kwa aliyense, mpaka £6,885 kwa ochokera m'mabanja osowa. Mu 2024/25 boma la Wales linachotsa mphatsoyo chifukwa cha kuchepa kwa ndalama, ndiye pano yonse ndi ngongole. Pa magulu athu a WhatsApp alipobe amene amauza anzawo zoti ku Wales kuli ndalama zaulere za masitazi. Nkhani imeneyo inatha.

Scotland amagawa pawiri. Mpaka £7,000 imapita molunjika ku yunivesite ngati fizi, iwe osaigwira n'komwe, ndipo mpaka £6,900 ndi ya lendi ndi chakudya. Pamodzi £13,900. Amathandizanso amene akuchita dipuloma ya pamwamba pa digiri yoyamba, chimene ngongole ya England siilola. Koma pali msampha umene umakola aulumali makamaka: ndalama ya lendi ndi chakudya ija ndi ya ophunzira nthawi yonse okha. Ukasankha kuphunzira pang'onopang'ono, zaka ziwiri m'malo mwa chimodzi, chifukwa ndi mmene thupi lako lingathere, umangolandira ya fizi. Ku England ndi Wales wophunzira wotere amalandirabe ndalama yonse, kungoti imagawidwa pa zaka zonsezo.

Za Northern Ireland sindichulukitsa. Ngongole yake ndi ya fizi yokha, £6,500 mu 2025/26, yopita ku yunivesite. Zodya ndi pogona udzionere wekha.

Munthu akangoona ziwerengerozi anena kuti Wales yapambana, Scotland yachiwiri, nkhani yatha. Koma ngongole imaoneka bwino pobwereka, nkhope yake yeniyeni imadzaoneka pa pepala la malipiro. Ku England ndi Wales umabweza 6 peresenti ya ndalama zimene ukulandira kupitirira £21,000 pa chaka. Malire amenewa sanasunthe chiyambire 2016, pomwe malipiro otsikitsitsa ovomerezeka anafika £12.21 pa ola mu April 2025. Ndiye kuti ngakhale amene akugwira ntchito ya malipiro otsikitsitsa, sabata yathunthu, wadutsa kale malirewo ndipo akudulidwa. Chinanso, ngongole ya masitazi imeneyi ili payokha. Ngati uli ndi ina ya digiri yoyamba, imeneyo ikudula 9 peresenti yake, ya masitazi 6 peresenti yake, mizere iwiri pa pepala limodzi, pamwamba pa msonkho ndi penshoni. Chiwongoladzanja chake ndi kakweredwe ka mitengo ya zinthu kuphatikizapo 3 peresenti, zomwe kuyambira September 2025 zinali 6.2 peresenti.

Ku Scotland ngongole ya masitazi imaphatikizidwa ndi ya digiri yoyamba, mzere umodzi, 9 peresenti, ndipo suyamba kubweza mpaka malipiro atadutsa malire, amene mu 2025/26 anali £32,745. Chiwongoladzanja pa nthawi yomweyo chinali 3.2 peresenti. Tiyerekeze anthu atatu amaliza masitazi, aliyense wapeza ntchito ya £30,000. Amene anabwereka ku England kapena Wales akudulidwa £45 mwezi uliwonse pa ya masitazi yokha. Wa ku Northern Ireland, kumene malire anali £26,065 mu 2025/26, akudulidwa pafupifupi £30. Wa ku Scotland sakudulidwa kalikonse. Kwa munthu waulumali, amene mwina adzagwira masiku atatu pa sabata kapena adzakhala akusiyasiya ntchito chifukwa cha chipatala, kusiyana kumeneku si kwa masewera. Ubwino umene onse anayi ali nawo ndi woti malipiro akatsika pansi pa malire kudula kumaima, palibe amene adzabwera kudzanyamula firiji, ndipo ikatha nthawi yoikika yotsalayo imafafanizidwa: zaka 30 ku England, Wales ndi Scotland, 25 ku Northern Ireland.

Tsopano thandizo la ulumali lenileni, Disabled Students' Allowance, limene kuno aliyense amangoliti DSA. Imeneyi si ngongole, subweza, ndipo sayang'ana chuma cha kwanu. Ukhoza kuipempha ngakhale usanatenge ngongole ya masitazi. Ifeyo ambiri tinakula tikuganiza kuti waulumali ndi yekhayo wa pa njinga kapena wa ndodo yoyera, ndiye munthu amavutika chaka chonse mwakachetechete, osadziwa kuti matenda okhalitsa monga shuga, HIV ndi khunyu, matenda a nkhawa, vuto la kumva, dyslexia, ADHD ndi autism zonse zikhoza kuwerengedwa ngati zikusokoneza maphunziro. Enanso amadziwa, koma amaopa kulembedwa. Zimene walemba pa fomu ya DSA sizituluka pa satifiketi, ndipo sizipita kwa amene adzakulembe ntchito.

Pa pepala Wales ilinso patsogolo, ndi malire opitirira £33,000 pa chaka. England ndi £27,783. Northern Ireland inali pa £25,000 mu 2024/25. Scotland sanaike zonse m'thumba limodzi, anasunga zigawo zitatu: £1,725 pa chaka ya zinthu zing'onozing'ono, £5,160 ya zipangizo zikuluzikulu pa kosi yonse, ndi £20,520 pa chaka yolipira anthu okuthandiza. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Ndalama zimenezi sizibwera m'manja mwako kuti ugule ufa. Zambiri zimapita kwa ogulitsa zipangizo ndi kwa anthu amene akukuthandiza, ndipo ophunzira ambiri safika n'kufupi komwe ndi malirewo. Amene malire amawakhudzadi ndi monga wosamva amene akufunika womasulira chinenero cha manja pa phunziro lililonse, chifukwa omasulirawo amalipidwa pa ola ndipo maola a chaka chonse amadya ndalama zambiri. Kwa munthu ameneyo kukhala ku Cardiff kapena ku Leicester kukhoza kukhala kusiyana kwa kumva maphunziro onse kapena kuphonya ena.

Mmene zimayendera ndi motere. Umatumiza umboni: kalata ya dokotala kapena fomu imene dokotala wadzaza, ndipo ngati ndi dyslexia, lipoti la katswiri amene anakuyeza. Lipoti limeneli ku England DSA siilipira, ndipo limadya mapaundi mazanamazana, ngakhale mayunivesite ena amathandizako ukafunsa. Akavomera amakuitana kuti ukacheze ndi munthu wounika zosowa zako, pamaso kapena pa kompyuta, ola limodzi kapena awiri. Si mayeso. Amafunsa zinthu zazing'ono kwambiri: ukawerenga tsamba limodzi umakumbukira zingati, umatha kukhala pampando mphindi zingati msana usanayambe, mphunzitsi akatembenukira ku bolodi umamumvabe, basi umakwera bwanji nthawi yozizira. Apa ndi pamene chizolowezi chathu choyankha kuti "ndili bwino, kaya inu" chimatipweteka. Ukanena kuti umatha, iye alemba kuti umatha. Fotokozani za tsiku loipitsitsa, osati la lero limene mwadzuka bwino n'kuvala jekete. Kuchokera pa macheza amenewa ndi pamene pamatuluka pulogalamu yowerenga mabuku mokweza, chojambulira mawu, mpando woyenera, mlangizi wokumana naye sabata iliyonse, kapena ndalama ya takisi yoonjezera pa mtengo wa basi. Ku England akakuvomerezera laputopu, £200 yoyamba umalipira wekha.

Ku England komweko, kuyambira 2016/17 boma linachotsa mu DSA mathandizo ena, monga olembera manotsi wamba ndi othandiza mu laibulale, n'kunena kuti imeneyo ndi ntchito ya yunivesite. Zotsatira zake n'zoti zimene ungapeze zimadalira kwambiri sukulu imene wasankha. Lamulo la Equality Act la 2010 limakakamiza mayunivesite a ku England, Wales ndi Scotland kusintha zinthu moyenera kuti waulumali aphunzire, monga nthawi yoonjezera pa mayeso ndi zipinda zofikirika. Northern Ireland ili ndi malamulo akeake pa zomwezo. Ndipo apa abale a pa viza aja mumvetsere: udindo umenewu wa yunivesite sufunsa pasipoti. DSA simupeza, koma ofesi ya aulumali ya pa sukulu panu ndi yanunso.

Funso limene limabwera kawirikawiri ndi loti, kodi ndikatenga ngongole andidula mabenefiti? PIP, ndalama ya boma yothandiza anthu aulumali, imene ku Scotland inalowedwa m'malo ndi Adult Disability Payment mu 2022, siyang'ana ndalama zimene uli nazo, ndiye ngongole siikhudza. DSA nayo siwerengedwa ngati ndalama yolowa. Vuto lili pa Universal Credit, thandizo la boma la mwezi ndi mwezi kwa anthu opeza zochepa. Ku England 30 peresenti ya ngongole ya masitazi, pafupifupi £3,857 pa £12,858 ija, imatengedwa ngati ndalama yodyera, ndipo amaiwerengera ngakhale iwe utasankha kusabwereka, bola unali woyenera kuilandira. Komanso wophunzira nthawi yonse amene akufuna Universal Credit chifukwa cha ulumali ayenera kukhala akulandira PIP kapena inzake, ndiponso atayezedwa kale kuti sangathe kugwira ntchito mokwanira kosi isanayambe. Ukayamba kaye sukulu n'kumadzafunsa pambuyo, wachedwa.

Ine nditafunsidwa kuti kwabwino n'kuti, ndinganene kuti wofuna kumaliza kosi popanda kudzipha ndi maganyu ali bwino ku Wales, ndipo amene akudziwa kuti malipiro ake sadzakhala aakulu ali bwino ku Scotland, bola athe kuphunzira nthawi yonse. England ili ndi DSA yabwino ndithu, koma laputopu ndi mlangizi sizilipira lendi, ndipo dzenje limenelo analisiya losakwirira. Northern Ireland ili kumbuyo kwa onse pa ngongole.

Musafulumire kulongedza katundu. Kusamukira ku Swansea mu August n'cholinga chongokaphunzira sikukusandutsani munthu wa ku Wales pamaso pa ofesi ya ngongole. Amafuna kuona kuti ndiko kwanu kwenikweni, ndipo akaona kuti chinakupititsani ndi sukulu yokha amakubwezani kwa ofesi ya kumene munachokera. Chimene chili m'manja mwanu ndi nthawi. Student Finance England imanena yokha kuti DSA ikhoza kutenga masabata 14 kuti zonse zikhale m'malo, ndipo masitazi ambiri kuno ndi a chaka chimodzi chokha. Wopempha mu September adzalandira zipangizo zake cha m'ma December, temu yoyamba itatha ndi magiredi ake. Fomu imalola kupempha usanatsimikize n'komwe yunivesite imene ukupita, ndiye ikangotsegulidwa tumizani, kalata ya dokotala muyambe kuisaka mwezi umodzi zisanatero.