Australia ndi New Zealand: mdani mmodzi, kamenyedwe kosiyana

Pali kanyama kaubweya, kamsinkhu wa mphaka, koyenda usiku m'mitengo, dzina lake possum. Kwawo kwenikweni ndi ku Australia, ndipo kumeneko lamulo limakateteza, moti m'madera ambiri sungakagwire popanda chilolezo ngakhale katamanga mudzi kudenga kwa nyumba yako. Ukawoloka nyanja ya Tasman, ulendo wa maola atatu pandege, kanyama komweko ndi mdani wa dziko lonse. Anthu a ku New Zealand amakatchera misampha, amakathirira poizoni, ndipo ubweya wake amalukira majuzi. Anakapititsa kumeneko ndi azungu m'zaka za m'ma 1800 pofuna malonda a zikopa, koma katafika kanapeza nkhalango zopanda chokadya. Lero kamakudzula masamba a mitengo mpaka mtengo kuuma, kamadya mazira ndi ana a mbalame, komanso kamapatsira ng'ombe chifuwa chachikulu.

Mayiko awiriwa ndi oyandikana, amalankhula chinenero chimodzi, ndipo onse anavulazidwa ndi nyama zobwera ndi anthu. Koma nkhondoyi amaimenya mosiyana, ndipo kusiyanako kunayamba anthu asanafike n'komwe.

New Zealand inapatukana ndi mtunda waukulu zaka pafupifupi 80 miliyoni zapitazo. Anthu oyamba, a Maori, atafika cha m'ma 1200 kumapeto, sanapezeko nyama yoyamwitsa yapamtunda kupatula mileme. Dzikolo linali la mbalame. Zambiri zinaleka kuuluka n'kumaikira mazira pansi, poti panalibe chozisaka pofwenkha ndi mphuno. Taonani kakapo, chinkhwe chonenepa chosauluka. Chikamva zoopsa chimangoima chilili osagwedezeka, nthenga zake zobiriwira n'kusakanikirana ndi ndere za m'nkhalango. Nzeru imeneyi inkagwira ntchito pamene adani ake anali mbalame zolusa zosaka ndi maso. Koma kakapo ali ndi fungo lamphamvu, ndiye kwa khoswe kapena mphaka wolondola fungo, mbalame yoima phee ndi ndiwo yoika kale m'mbale. Pofika mu 1995 padziko lonse panatsala akakapo 51 okha.

Australia ndi nkhani ina. Kuli nyama zoyamwitsa zambirimbiri, makamaka zija zolerera ana m'thumba lapamimba: bilby, bettong, numbat, quoll ndi zina. Amphaka ndi nkhandwe za ku Ulaya atafika, zimene zinapululuka kwambiri ndi zazing'ono ndi zapakati, zolemera kuyambira magalamu 35 kufika makilogalamu 5.5, zimene nkhandwe ikhoza kugwira mosavuta. Chifikireni azungu mu 1788, mitundu yoposa 30 ya nyama zoyamwitsa yatheratu, ndipo palibe dziko lina lomwe lataya zochuluka chotere m'nyengo imeneyi.

Apa m'pamene pagona kusiyana konse. Munthu wa ku New Zealand akhoza kunena kuti pafupifupi chilichonse chaubweya choyenda pansi m'nkhalango n'chobwera, ndipo sanama. Wa ku Australia sanganene choncho, chifukwa chimene akufuna kupha ndi chimene akufuna kupulumutsa zimafanana thupi, zimadya zofanana, zimayenda njira imodzi.

Kalulu ndi amene anayamba kuonetsa khalidwe la mayiko awiriwa. Mu 1859 Thomas Austin anamasula akalulu 24 pa famu yake ku Victoria, m'dziko la Australia, kuti azikhala ndi chosaka. Pasanathe zaka 50 anali atafika kumadzulo kwenikweni kwa dziko. Boma la Western Australia linamanga mipanda ya waya pakati pa 1901 ndi 1907, yotalika makilomita oposa 3,000 yonse pamodzi, koma akalulu ena anali atadutsa kale. Mu 1950 anamasula matenda a myxomatosis amene anapha akalulu mamiliyoni mazanamazana, kenaka otsalawo anayamba kupirira matendawo. New Zealand nayo inadzaza ndi akalulu, ndipo alimi a nkhosa anakakamiza boma kuti liitanitse stoat, kanyama kolusa kofanana ndi likongwe. Odziwa za mbalame, kuphatikizapo Walter Buller, anachenjeza kuti mbalame zitha, koma sanamvedwe. M'zaka za m'ma 1880 tinyamati tinamasulidwa, ndipo mpaka lero ndi timene timapha anapiye ambiri a kiwi. Munthu wina wotchedwa Richard Henry anatha zaka akunyamula akakapo ndi akiwi pa bwato kuwapititsa ku chilumba cha Resolution kuti akapulumuke, koma mu 1900 anaona stoat pachilumbapo. Inali itasambira.

Australia nayo inalakwitsa chimodzimodzi mu 1935, pamene inatenga achule akuluakulu 102 ku Hawaii kuti akadye tizilombo towononga nzimbe ku Queensland. Tizilomboto sanatithe. Achulewo ali ndi poizoni pakhungu, moti ng'azi, njoka, quoll ngakhale ng'ona za m'madzi opanda mchere zimafa zikawadya. Anafika ku paki ya Kakadu, kumpoto kwa dzikolo, cha mu 2001, ku Western Australia cha mu 2009, ndipo akupitabe. Komabe tisawanyoze kwambiri a ku Australia pa njira yogwiritsa chamoyo kupha chinzake, chifukwa zaka khumi izi zisanachitike anabweretsa kagulugufe ka Cactoblastis kuchokera ku Argentina, ndipo mphutsi zake zinamasula mahekitala mamiliyoni ambiri amene anatsekedwa ndi chomera chaminga cha prickly pear. Kagulugufeko anayamba akayesa bwinobwino kuti aone chimene kamadya. Achule aja anangowamasula ndi chiyembekezo.

Chimene chinatembenuza New Zealand chinachitika mu 1964 pa kachilumba ka Taukihepa, kotchedwanso Big South Cape. Makoswe anatsika m'maboti n'kuswana modabwitsa. Akatswiri ena nthawiyo ankakhulupirira kuti chimatha mbalame ndi kudula nkhalango, osati nyama zolusa, ndipo ankati zinthu zikhazikika zokha. Ogwira ntchito zoteteza nyama, mmodzi mwa iwo Don Merton, sanadikire. Anagwira mbalame 36 za mtundu wa tieke n'kuzisamutsira ku tizilumba topanda makoswe, ndipo atieke onse a kummwera amene alipo lero ndi zidzukulu za zimenezo. Mitundu iwiri ya mbalame ndi mtundu umodzi wa mleme sizinapulumuke. Nkhalango inali chiimire, mtengo ngakhale umodzi wosadulidwa. Kuyambira pamenepo panalibenso mkangano wonena kuti khoswe yekha angathe kumaliza mtundu wonse.

Luso limene New Zealand inatulukira pambuyo pake ndi lochotsa makoswe onse pachilumba, osasiya ndi mmodzi yemwe. Amasankha nyengo yozizira pamene makoswe ali ndi njala ndipo sakuswana. Helikopita imauluka m'mizere yolondoleredwa ndi GPS, ikumwaza nyambo yapoizoni, mizereyo ikulowana kuti pasatsale malo amene khoswe angakhale osakumana nayo, ngakhale m'maphompho a m'mbali mwa nyanja. Kenaka amadikira zaka ziwiri, akufufuza ndi agalu, asananene kuti zatheka. Khoswe mmodzi wamkazi wokhala ndi bere akatsala, ndalama zonse zapita m'madzi. Mu 2001 anayeretsa chilumba cha Campbell, cha mahekitala 11,300, chimene panthawiyo chinali chachikulu kuposa china chilichonse chochotsedwapo makoswe.

Makilomita mazana angapo kuchokera ku Campbell kuli chilumba cha Macquarie, cha Australia, ndipo nkhani yake ndi imene imandipweteka ndiponso kundiphunzitsa kwambiri. Kumeneko kunali amphaka, akalulu, makoswe ndi mbewa. Anayamba ndi amphaka, ndipo pofika mu 2000 onse anatha. Nthawi yomweyo matenda amene ankachepetsa akalulu anali atayamba kufooka. Akalulu anachuluka kupitirira 100,000, anadya udzu wonse wa m'mapiri mpaka nthaka inayamba kugumuka, ndipo mu 2006 chigumukire china chinagwera pamalo oswanirana mapengwini. Zonsezi zikuchitika, boma lalikulu la Australia ndi boma la chigawo cha Tasmania, loyang'anira chilumbacho, anali kukokanakokana za amene alipire. Atagwirizana mu 2007, ntchito yochotsa akalulu, makoswe ndi mbewa inafuna madola a ku Australia pafupifupi 25 miliyoni. Ulendo woyamba womwaza nyambo mu 2010 unalephereka chifukwa cha nyengo yoipa, anabwereza mu 2011, ndipo alenje ndi agalu awo anayenda chilumba chonse wapansi kwa zaka kusaka kalulu aliyense wotsala. Mbalame zina zambiri zinafa zitadya nyambo kapena mitembo, ndipo zimenezo siziyenera kubisidwa. Mu 2014 chilumbacho chinalengezedwa kuti chayera, ndipo zomera zabwereranso. Akatswiri a ku New Zealand anathandiza kwambiri pa ntchitoyi. Ku Lord Howe, chilumba china cha Australia, kumene makoswe anatsika m'sitima ya Makambo mu 1918 n'kumaliza mitundu isanu ya mbalame, ntchito yotereyi inachitika mu 2019 pachilumba chokhala anthu, itatha zaka zambiri za mikangano pakati pa eni mudzi.

Pamtunda waukulu njirazi zimasiyanadi. New Zealand imamwaza poizoni wotchedwa 1080 kuchokera m'mwamba pa nkhalango zikuluzikulu, makamaka m'zaka zimene mitengo ya beech yabala kwambiri ndipo makoswe aswana. Anthu ena amadana nazo, alenje amadandaula agwape ndi agalu awo, ndipo mbalame za kea zinafapo. Koma mu 2011 Jan Wright, kamishinala wa zachilengedwe woyankha ku nyumba ya malamulo, atafufuza ananena kuti poizoniyu agwiritsidwe ntchito kwambiri, osati kuchepetsedwa. Australia ili ndi mwayi makamaka kumadzulo, kumene zomera za Gastrolobium zili ndi poizoni yemweyu mwachibadwa, moti nyama zakumeneko zinazolowera pamene nkhandwe ndi amphaka amafa. Kummawa nyambo zimafunika kukwiriridwa mosamala. Amphaka nawo sakonda kudya chakufa, n'chifukwa chake anapanga makina otchedwa Felixer, amene amazindikira mphaka akamadutsa n'kumuwaza poizoni paubweya, mphakayo n'kumeza podzinyambita.

Poona kuti dziko lonse silingayeretsedwe, Australia inayamba kupanga zilumba pakati pa mtunda. Amamanga mpanda wautali wopindikira kunja pamwamba kuti mphaka asakwere, waya wina n'kuyala pansi kuti nkhandwe isakumbe, kenaka amachotsa zolusa zonse mkatimo ndi kubwezeretsamo bilby ndi bettong. Mitundu ingapo ilipo lero chifukwa cha mipandayi ndi tizilumba ta m'nyanja. Vuto n'lakuti nyama zokulira mumpanda zimaiwala mantha. Kumalo otchingidwa a Arid Recovery, ku South Australia, afika poikamo dala amphaka ochepa m'chigawo china kuti nyamazo ziphunzirenso kuthawa. Ine ndimaona kuti kuyesa kumeneku n'kwanzeru, chifukwa kukuvomereza zoona zake kuti mphaka sadzachoka m'chipululu cha Australia.

Ndikaziika pasikelo, New Zealand ili patsogolo, ndipo chifukwa chake si mwayi wa malo wokha. Mu 2016 nduna yaikulu John Key inalengeza cholinga chothetsa makoswe, stoat ndi possum m'dziko lonse pofika 2050. Ambiri amakayika ngati zidzatheka ndi zida zimene zilipo, inenso ndimakayika. Koma cholingacho chinasandutsa nkhaniyi kukhala ya munthu wamba. Mumzinda wa Wellington mabanja ambiri ali ndi msampha kuseri kwa nyumba, ndipo mbalame za kaka zochokera m'malo otchingidwa a Zealandia, amene mpanda wake unamangidwa mu 1999, tsopano zimauluka pakati pa nyumba za anthu. Australia, yogawika m'maboma angapo, imachedwa kugwirizana. Pa chilumba cha Christmas akatswiri anachenjeza kwa zaka kuti kamleme kakumeneko kakutha, anapempha kuti otsalawo agwidwe aziswanirana m'manja mwa anthu, chilolezo chinabwera mochedwa, ndipo kamleme komaliza kanamveka mu Ogasiti 2009.

Mayiko onse awiri amafooka nyama yowononga ikakhala yokondedwa. Mu 2018 boma la New South Wales linakhazikitsa lamulo loteteza mahatchi am'tchire a ku paki ya Kosciuszko ngati chuma cha mbiri, pamene mahatchiwo akupondaponda madambo a m'mapiri, ndipo kuwawombera kuchokera m'mwamba kunadzaloledwa mu 2023 atachuluka kale. New Zealand imachitanso chimodzimodzi ndi agwape, mbuzi zam'mapiri za tahr ndi nsomba za trout, chifukwa alenje ndi asodzi ali ndi mawu. Pa amphaka, Australia ndiyo inalimba mtima msanga. Mu 2015 inalengeza zopha amphaka am'tchire 2 miliyoni, ndipo ku Canberra, likulu la dzikolo, amphaka obadwa kuyambira pa 1 Julayi 2022 saloledwa kuyendayenda kunja kwa mpanda wa mwini wake. New Zealand, kumene mabanja ochuluka zedi amaweta amphaka, inawasiya pa mndandanda wa 2016, ngakhale kuti amphaka am'tchire amadya mbalame zomwezo zimene misampha ikuteteza.

Mayeso otsatira ali pa zilumba zazikulu. New Zealand ikukonzekera chilumba cha Auckland, cha mahekitala pafupifupi 46,000, kumene kuli nkhumba, amphaka ndi mbewa, komanso Rakiura kumene kumakhala anthu ndi ziweto zawo. Australia ikulimbana ndi amphaka pa chigawo cha Dudley pachilumba cha Kangaroo, pakati pa mafamu a nkhosa. Kumalo ngati amenewa helikopita siingamalize yokha ntchito, pafunika mwini munda aliyense alole msampha pamalo pake ndi kuti mphaka wake agone m'nyumba.