Khumi la akatswiri ndi phala la mdzukulu wa azakhali

Sabata yatha ndinali kumudzi ku Mchinji. Ndinapeza azakhali pamphasa, lichero pamiyendo, akusankha mtedza. Wokhwima bwino amauponya m'thumba la ogula. Wofota, wosweka ndi wothimbirira amauika m'kambale pambali. Nditafunsa za kambaleko anati, "Mwanawe, umenewu ndi wansinjiro, tithira m'phala la mdzukulu." Mdzukuluyo wangoyamba kumene kuyenda. Chichokereni kumeneko mtima wanga sunakhale pansi, poganizira poizoni wa chuku amene amabisala mu mtedza wotere.

Akatswiri akafuna kudziwa mlingo wa mankhwala umene munthu angadye tsiku ndi tsiku osavulala, monga otsalira pa mbewu tikapopera, amayesa kaye pa makoswe. Akapeza mlingo umene sunawadwalitse, amaugawa ndi 100, ndiye kuti khumi kuchulukitsa ndi khumi. Khumi loyamba n'loti munthu si khoswe. Khumi lachiwiri n'loti anthufe matupi athu safanana. Njirayi anaiyamba Lehman ndi Fitzhugh a bungwe loona za zakudya ndi mankhwala la FDA ku America mu 1954, ndipo ikugwirabe ntchito mpaka lero. Nthawi zambiri munthu amene amamuwerengera amakhala wamkulu, wolemera makilogalamu 60 kapena 70.

Khumi lachiwirilo ndi limene likundisowetsa tulo. M'menemo alongedzamo khanda, mayi woyembekezera, agogo a impso zotopa, mwana wonyentchera, ndi munthu amene chiwindi chake chikulimbana kale ndi matenda ena. Mtolo wonsewu pamutu pa nambala imodzi! Eni ake ku America anaona kuti wachuluka, moti mu 1996 anakhazikitsa lamulo loti pa mankhwala ophera tizilombo aziwonjezera khumi lina lotetezera makanda ndi ana, pokhapokha pakhale umboni woti silikufunika.

Tsono onani za chuku. Poizoni wake, aflatoxin, saweruzidwa ndi kugawa kumeneku chifukwa amayambitsa khansa, koma amationetsa poyera kutalikirana kwa matupi athu. Komiti ya akatswiri a mabungwe a padziko lonse oona zaumoyo (WHO) ndi zakudya (FAO) inapeza kuti kwa munthu amene ali ndi kachirombo ka hepatitis B, mphamvu ya poizoniyu yoyambitsa khansa ya chiwindi imakula pafupifupi ka 30. Osati ka 10 ayi, ka 30. Anthu awiri atha kudyera mbale imodzi kwa zaka, wina n'kukalamba bwinobwino, wina n'kutupa mimba asanakwanitse zaka 40, ife n'kumati amulodza. Kuno ku Malawi katemera wa hepatitis B anayamba kuperekedwa kwa makanda mu 2002, kutanthauza kuti ambiri obadwa chakacho chisanafike sanamulandire. Ndipo chuku chikachuluka sichidikira zaka: ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga choipa.

Palinso nkhani ya kadyedwe. Mzungu amadya mtedza wa m'kapaketi mwa apo ndi apo, komabe maiko a European Union salola wokhala ndi aflatoxin wopitirira mamaikulogalamu 4 (kamlingo kochepetsetsa zedi) pa kilogalamu. Ife nsima ndi masana ndi madzulo, nsinjiro m'ndiwo, nsinjiro m'phala. Mwana wa makilogalamu 9 amadya zambiri poyerekeza ndi thupi lake kuposa bambo ake. Chondipweteka n'chakuti kusankha komwe kumateteza wogula wakutaliyo ndi kumene kumaunjika mtedza woipa m'kambale ka mwanayu.

Maganizo anga ndi akuti oika malire a poizoni m'zakudya kuno kwathu asamangokopera manambala akunja. Ayambe afunsa kuti akudya ndani, kangati patsiku, ali ndi zaka zingati, ndipo chiwindi chake chili bwanji. Muyeso uyambire pa wofooka uja.

Nditawafotokozera azakhali, anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Ndiye tiutaye? Takolola matumba atatu okha chaka chino." Ndinatapa mbale ziwiri m'thumba la ogula lija, ndikuwapatsa ndalama ya mtengo womwe mavenda akugulira, kuti akasinje umenewo. Kambale kaja anakatenga mwakachetechete n'kukakaika pamwamba pa kabati.