Maganizo anga pa mankhwala otsukira mano "opha majeremusi"

Anzanga ndikambeko za mankhwala otsukira mano awa adzaza m'mashopu kuyambira ku Down Shops mpaka ku Kapata. Kabokosi kalikonse ati kamapha majeremusi, kena ati ka makala, kena ka zitsamba, ndipo wogulitsa amachita kulumbira kuti sabata imodzi chabe chiseyeye chatha. Ine sindikana kuti ena ndi abwino ayi. Funso langa ndi limodzi, anayesera kuti? Mu kambale ka mu labu kapena m'kamwa mwa anthu?

Kaili kupha tizilombo mu kambale ka galasi si nkhani, ngakhale sopo wochapira amapha. M'kamwa ndi mwina. Tizilombo ta m'mano timamatana n'kupanga zoterera zija zimayanga m'mphepete mwa nkhama, madokotala amati plaque, zimagwira ngati ndere za m'diramu la madzi, kungothira mankhwala pamwamba osakwecha sizichoka. Pamwamba pake malovu nawo amakokolola mankhwalawo mukangolavula.

Kuti zoyangazo ndi zimene zimatupitsa nkhama anazitsimikizira ku Denmark mu 1965. Dokotala Harald Löe ndi anzake anapempha anthu 12 a nkhama zabwinobwino, ambiri mwa iwo ophunzira udokotala wa mano, kuti aleke kutsuka mano. Kulekeratu! Pakati pa masiku 10 ndi 21 onse nkhama zinali zitatupa, atayambanso kutsuka zinachira pa sabata imodzi chabe. Fungo lake m'kalasimo mwandi tisakambe. Mpaka lero njirayi amaigwiritsa ntchito akafuna kuona mwachangu ngati mankhwala atsopano ali ndi mphamvu.

Koma mayeso enieni ndi a miyezi 6, ndipo bungwe la madokotala a mano ku America, American Dental Association, lisanavomereze kuti mankhwala amathandiza nkhama limafuna kafukufuku awiri, osati mmodzi. Amatenga anthu n'kuwagawa mwamaere m'magulu awiri, ena awapatsa mankhwala oyesedwawo ena awapatsa wamba ongokhala ndi fluoride, ija yolimbitsa mano, onse m'machubu ofanana opanda dzina, wotsuka sadziwa chimene wapatsidwa ndipo dokotala woyeza naye sadziwa, kuti pasakhale kukondera. Nthawi zambiri amayamba awapala mano onse kuti aliyense ayambire poyera. Pa miyezi 3 abwera kudzayezedwa, pa miyezi 6 abweranso.

Kuyezako ndi kumene kumandisangalatsa ine. Amakupaka kautoto m'mano, mukachukucha n'kulavula paliponse pamene mswachi sunafike pamatsala mtundu, munthu uja amadzitama kuti amatsuka bwino n'kupezeka kuseri kwa mano apansi kuli psuu. Dokotala ndiye amapita dzino ndi dzino kupereka mamalikisi kuyambira 0 mpaka 5, 0 ndi loyera, 1 ndi timadontho cha kunkhama, 5 ndiye kuti dzino lakutidwa pafupifupi lonse. Akatha amatenga kachitsulo kosasongoka n'kuyendetsa pang'onopang'ono m'mphepete mwa nkhama, apa mamalikisi ndi 0 mpaka 3. Pakatuluka magazi atakhudza ndi 2, nkhama zofiira zotupa zongotulutsa magazi zokha ndi 3. Palibe za "ndikumva bwino m'kamwa" apa, kuzizirira kuja ndi minti chabe.

Choseketsa n'chakuti ngakhale gulu lija lopatsidwa mankhwala wamba nalo limasintha, chifukwa munthu akadziwa kuti adokotala adzamusuzumira m'kamwa amayamba kutsuka mwakhama kuopa manyazi. Ndiye munthu akakuuzani kuti makasitomala anga onse anachira, mufunseni kuti poyerekeza ndi ndani? Mwina anachira chifukwa atagula chubu chodula anayamba kutsuka kawiri patsiku.

Manje mverani manambala. Triclosan ndi mankhwala opha tizilombo amene anali mu Colgate Total kwa zaka zambiri, ndipo anayesedwa kwambiri. Mu 2013 a Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo, anaphatikiza kafukufuku 30 wa anthu oposa 14,000, anapeza kuti pa miyezi 6, poyerekeza ndi mankhwala wamba, zoyanga zinachepa ndi 22%, kutupa kwa nkhama ndi 22%, kutuluka magazi ndi 48%. Si zabodza, amathandizadi. Koma onani bwino, 22 pa 100, komanso kwa anthu amene akutsuka kale tsiku ndi tsiku. Ngati amene anayesedwa pa anthu masauzande anafika pamenepo basi, kachubu kosadziwika kumene kachokera kangalonjeze bwanji kuthetsa chiseyeye pa sabata? Ndipo triclosan yemweyo ku America anamuletsa mu sopo wosambira m'manja mu 2016, Colgate nayo inamuchotsa mu 2019 n'kuikamo mtundu wina wa fluoride wotchedwa stannous fluoride.

Za makala ndiye umboni wake ndi wochepa kwambiri, ambiri alibenso fluoride ndipo ena amakwecha mano mpaka kuyamba kunyenyeza mukamwa madzi ozizira. Agogo athu kumudzi ndi kamtengo kawo kaja sanali opusa, amakhala nako m'kamwa nthawi yaitali akukwecha dzino lililonse, ntchito imagwira ndi dzanja. Ife timathira mankhwala mswachi wonse thoo, masekondi 20 thovu labwera talavula, tathamangira basi.

Ine ndikamagula ndimatembenuza chubu kuyang'ana fluoride, ikhale pakati pa 1000 ndi 1500 ppm (muyezo wa kuchuluka kwake umene amalemba pachubu), ndi deti yothera ntchito. Zinazo n'zowonjezera, ngati thumba likulola gulani. Kawiri patsiku, mphindi 2, mswachi wofewa uloze kunkhama, mukatha lavulani osachukucha ndi madzi. Magazi akatuluka musaleke kutsuka pamenepo, ambiri amalakwitsa apa, akamapazemba m'pamene pamatupiratu.

Koma pakatha milungu iwiri mukutsuka bwino magazi osaleka, kapena pali zolimba zachikasu zija kuseri kwa mano, zimenezo zauma kale, palibe chubu chingazichotse ngakhale cha K200. Zimafunika kupalidwa ndi zitsulo. Pitani ku dental ku Chipata Central kapena kukiliniki kwanuko akakuoneni, makamaka inu a shuga ndi osuta fodya, chifukwa kwa osuta nkhama zimatha kuwonongeka osatulutsa magazi kwenikweni, n'kudzazindikira dzino litayamba kale kugwedera.