Chenjezo kwa otengera ogwetsana a pa kanema: imvani mbiri ya Dynamite Kid

Achinyamata inu amene mumadzaza m'mavidiyo kukaonera masewera ogwetsana a WWE kenaka n'kumakayeserera pa anzanu zimene mwaonazo, komanso inu amene mwayamba kumeza mapiritsi ndi kudzibaya jakisoni kuti zifuwa ndi mikono zitupe msanga, ndikufuna kuti mumve mbiri ya munthu mmodzi amene anafika pamwamba penipeni pa masewerawa. Dzina lake linali Tom Billington, koma dziko linkamudziwa kuti Dynamite Kid. Ambiri mwa inu munali musanabadwe pamene iye ankamenya, komabe zambiri zimene mumaziwombera m'manja lero, monga kudumpha kuchokera pamwamba pa zingwe ndi kumenya mwaliwiro losapumira, ogwetsana a masiku ano anazitengera kwa iyeyo.

Billington anabadwa pa 5 December 1958 ku Golborne, tauni ya migodi ya malasha pafupi ndi Wigan ku England. Anaphunzitsidwa ndi Ted Betley ali mnyamata wamng'ono, ndipo anayamba kumenya pagulu mu 1975. Muone bwino pamenepa, chifukwa ndi pamene ambiri a inu mumalakwira: munthuyu asanaonekere pamaso pa anthu anatha zaka akuphunzira kugwa, ndiko kuti kudziwa mmene angafikire pansi ndi msana wonse, chibwano atachipinda pachifuwa kuti mutu usamenye matabwa. Mu 1978 anapita ku Calgary m'dziko la Canada kukamenya m'bungwe la Stu Hart lotchedwa Stampede Wrestling, ndipo kuyambira mu 1981 nkhondo zake ndi wogwetsana wina wotchedwa Tiger Mask ku Japan zinadabwitsa anthu kotero kuti akatswiri amaziwonerabe mpaka lero pofuna kuphunzira.

Vuto lake linali lakuti anali wamng'ono thupi m'ntchito imene mabwana ankafuna ziphona. Pofuna kulingana nazo anayamba kugwiritsa ntchito masiteroidi, mankhwala otupitsa minofu, ndipo m'buku la mbiri ya moyo wake limene linatuluka mu 1999 iye mwini sanabise zimenezi, kapenanso za mapiritsi opha ululu ndi mankhwala ena omupatsa mphamvu zoyendera usiku ndi usana. Thupi linatupadi, ndipo mu 1984 iye ndi msuweni wake Davey Boy Smith, wa ku Golborne komweko, analowa m'bungwe la WWF, lomwe lero ndi WWE, monga timu ya anthu awiri yotchedwa British Bulldogs. Pa 7 April 1986, pa chionetsero chachikulu cha WWF chotchedwa WrestleMania 2, anagonjetsa Greg Valentine ndi Brutus Beefcake n'kutenga malamba a ukatswiri wa omenya awiriawiri. Ankalowa m'bwalo ndi galu wawo Matilda, anthu akukuwa, ndipo chithunzi cha nthawi imeneyo ndi chimene chingakope mnyamata aliyense.

Masewera a awiriawiri ali ndi lamulo limene munthu wanzeru ayenera kuliganizira. Mmodzi yekha ndiye amakhala m'kati mwa zingwe, mnzake amaima pakona kunja, ndipo wam'katiyo akatopa kapena akapweteka amatambasula dzanja n'kukhudza la mnzake kuti asinthane. Komanso amene mukumuona ngati mdani ndi mnzake wa pantchito, amene wapangana naye kale mmene nkhondoyo ithere, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kumuteteza pomunyamula ndi pomugwetsa. Koma kupanganako sikufewetsa pansi. Pansi pa nsalu yoyalidwa m'bwalo lomenyeramo pali matabwa ogonekedwa pa zitsulo, ndi kachiguduli kopyapyala pamwamba, ndipo m'masiku amenewo ogwetsana a WWF ankagwerapo pafupifupi tsiku lililonse, mzinda uno lero, wina mawa, ndipo amene wagona kunyumba chifukwa cha kuvulala ankataya malipiro ndiponso malo ake.

Pa 13 December 1986, mumzinda wa Hamilton ku Canada, a Bulldogs akumenyana ndi Don Muraco ndi Bob Orton, msana wa Billington unagonja pakati pa nkhondo. Tinyama tofewa tokhala pakati pa mafupa a msana tinaphulika, ndipo anamutengera kuchipatala kumene anakamuchita opaleshoni. Munthu wotere amayenera kugona miyezi, mwinanso kusiyiratu ntchitoyo. Koma patangotha masabata 6, pa 26 January 1987 ku Tampa, anabwereranso kubwalo kuti akapereke malamba kwa Bret Hart ndi Jim Neidhart. Sankatha kuyenda bwino, moti Davey Boy anachita kumubereka popita ku zingwe, ndipo mabwana anakonza zakuti Jimmy Hart, manijala wa Bret Hart ndi Neidhart, amumenye ndi chimkuzamawu nkhondo isanayambe n'komwe, kuti agone pansi kunja kwa zingwe mpaka mapeto popeza sakanatha kumenya. Anthu ambiri amasimba nkhani imeneyi monga umboni wa kulimba mtima. Ine ndimaiona ngati tsiku limene akuluakulu onse amene anali pamenepo, kuyambira mabwana mpaka msuweni wake amene anamuberekayo, analephera kunena mawu amodzi okha akuti bwerera ukagone. Ndipo pasanathe nthawi yaitali iye anayambiranso kumenya mokwanira, ululu akuuphimba ndi mapiritsi ndi jakisoni.

Apa ndi pamene ndikufuna kudzudzula inu a m'majimu a m'makwalala. Ululu ndi mlonda wa pakhomo, ndipo amene wamuledzeretsa mlonda asadabwe katundu akatuluka usiku. Mnyamata akumva kupweteka kumsana kapena paphewa, m'malo mosiya zitsulo n'kupita kuchipatala, amatuma mnzake kukamugulira mapiritsi opha ululu popanda kalata ya dokotala, n'kubwerera kukanyamula zolemera koposa dzulo, anzake akumuchemerera kuti ndi dolo. Kuchemerera koteroko si chikondi. Masiteroidi nawonso amakulitsa minofu mofulumira kuposa mmene mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa ingalimbire, amakweza kuthamanga kwa magazi, amatupitsa mtima, amawononga chiwindi, amachepetsa mbewu ya abambo, ndipo ena amawachititsa ukali wosadziwika bwino. Dziko la America linaika mankhwalawa pa mndandanda wa oletsedwa kugulitsa mwachisawawa mu 1990, ndipo mu 1991 dokotala George Zahorian anapezeka wolakwa kukhoti chifukwa chowagulitsa kwa ogwetsana. Ngati mankhwala ochokera m'manja mwa dokotala anawononga anthu chomwecho, nanga kabotolo kopanda pepala kamene mwagula kwa munthu wongokumana naye pa WhatsApp, n'kubayana ndi singano imodzi anthu atatu, mukuyembekeza kuti kakuchitirani chiyani?

Sindikufuna kumujambula Billington ngati munthu wosalakwa amene anangogweredwa tsoka, chifukwa khalidwe lake nalo linali ndi zambiri. Ankadziwika ndi nthabwala zankhanza kwa anzake a pantchito, ndipo mu 1988, atamenya Jacques Rougeau m'chipinda chovalira, Rougeau anadzabwezera pomukhoma chibakera atafumbata ndalama zachitsulo, mano angapo n'kuguluka. Chakumapeto kwa chaka chomwecho a Bulldogs anachoka mu WWF. Mu 1990 Davey Boy anabwererako yekha atalembetsa dzina la British Bulldog kukhala lake, ndipo asuweni awiri amene ankaikizana miyoyo m'manja usiku uliwonse anadana mpaka imfa. Banja loyamba la Billington linatha, ndipo patapita zaka iye mwini anavomera pa kanema kuti analozapo mkazi wakeyo mfuti. Inu amene mumati mankhwalawa amangokhudza thupi la womwa yekha, funsani amene amagona nawo nyumba imodzi.

Billington anasiya kumenya mokhazikika mu December 1991, ali ndi zaka 33 zokha, ndipo nkhondo yake yomaliza inachitikira ku Japan mu October 1996, thupi litaphwa moti anthu ena sanamuzindikire msanga. Mu 1997 mwendo wake wamanzere unaleka kugwira ntchito, ndipo kuyambira pamenepo anakhala pa njinga ya olumala. Anadwala sitiroko mu 2013, n'kumwalira pa 5 December 2018, tsiku lomwe ankakwanitsa zaka 60. Zaka zimene anakhala pa njingayo zinaposa zaka zimene anamenya ali pachimake. Msuweni wake Davey Boy, amene mu 1992 anagonjetsa Bret Hart pamaso pa anthu pafupifupi 80,000 pa bwalo la Wembley ku London, anavulala msana mu 1998 atagwera pa chitseko chobisika pansi pa nsalu ya bwalo, anakodwa mu mapiritsi opha ululu, ndipo anafa ndi mtima mu May 2002 ali ndi zaka 39.

Pali chinthu chimodzi cha Billington chimene ndimanjenjemera ndikaona ana akuchiyeserera, ndicho kukwera pamwamba pa zingwe n'kudziponya chamutu kuti chipumi chikamenye mnzake amene wagona pansi. Wogwetsana wina, Chris Benoit, amene anakula akumusirira ndipo anatengera mamenyedwe ake onse, anachita zimenezi kwa zaka zambiri. Mu June 2007 anapha mkazi wake ndi mwana wake kenaka n'kudzipha, ndipo madokotala amene anaunika ubongo wake anaupeza utawonongeka kwambiri ndi kugundidwa kobwerezabwereza. Palibe amene anganene kuti chinthu chimodzi chokha ndicho chinachititsa zoopsazo, koma kuwonongeka kwa ubongoko kunaoneka ndi maso. Ngakhale bungwe la WWE lenilenilo, wogwetsana wake Eddie Guerrero atafa ndi mtima mu November 2005 ali ndi zaka 38, linakhazikitsa mu 2006 ndondomeko yoyeza ogwetsana ake mankhwala, ndipo kwa zaka zambiri lakhala likuulutsa uthenga woletsa owonera kuyeserera zimenezi kunyumba kapena kusukulu. Eni masewera akuletsa, koma inu mukuti mukudziwa bwino kuposa iwo.

Makolo anzanga, nanunso mlanduwu ukukukhudzani. Mwana akwera pawindo kapena pa mulu wa njerwa, mng'ono wake wagona pa mphasa yoyalidwa pa simenti, ndipo inu muli pakhonde mukuseka, ena mpaka kujambula pa foni kuti mukaike pa Facebook. Khosi la mwana wa zaka 7 silingapirire kulemera kwa mkulu wake akaligwera, ndipo fupa la m'khosi likathyoka n'kudula mtsempha waukulu wa mumsana palibe chipatala, kuno kapena kunja, chimene chingaulumikizenso. Kukanyanga pakhosi kumene ana amati akumugoneka mnzawo kumatseka magazi opita ku ubongo, ndipo mwana amatha kukomoka m'masekondi ochepa wokanyangayo akuganiza kuti mnzakeyo akunamizira. Eni mavidiyo, musamalandire ndalama za ana aang'ono n'kuwaonetsa nkhondozi popanda kuwauza kuti anthuwo anapangana ndiponso anaphunzira zaka zambiri. Aphunzitsi, nthawi yopuma muzizungulira kuseri kwa makalasi, chifukwa ndi kumene mabwalo amenewa amatsegulidwa.

Ndipo ngozi ikachitika, musaibise poopa kukalipiridwa. Mwana amene wagwa chamutu n'kuyamba kusanza, kusinza kosadzuka bwino, kuiwala zimene zachitika kapena kudandaula mutu wosaleka apite kuchipatala tsiku lomwelo, osati mawa. Amene akudandaula khosi, kapena akuti manja ndi miyendo zachita dzanzi, musamudzutse, musamukoke mikono, musamubereke kapena kumukweza pa kabaza. Mugonekeni pa thabwa kapena pa chitseko, munthu mmodzi atagwira mutu kuti usatembenuke, ndipo mukafika kuchipatala muwauze adokotala zoona zake za mmene wagwera.